Manual kapena automatic: ndigule iti yoyendera tsiku ndi tsiku kuno ku Mangochi?

Mayi wa ku Mpondasi:

Moni kwa nonse. Ndakhala ndikusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti tigule galimoto yoyamba ya pabanja pathu, ndipo tsopano nthawi yosankha itakwana, nzeru zandithera. Ndimakhala ku Mpondasi koma ndimagwira ntchito mbali ya ku Nkope, kotero kuti kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndizikhala pamsewu wa ku Monkey Bay m'mawa ndi madzulo. Msewu umenewo ulibe zitunda zodetsa nkhawa. Chovuta ndi maenje, mbuzi ndi akabaza. Koma pafupifupi Loweruka lililonse timawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Namwera kukaona apongozi anga amene akudwala, ndipo aliyense amene anakwerako phiri lija akudziwa mmene msewu wake umakhotakhotera.

Magalimoto amene ndawaona ndi awiri, ndipo mitengo yake siikusiyana kwenikweni. Ina ndi Toyota Corolla Axio ya 2008 ya manual, imene mwini wake akuigulitsa ku Zomba, ndipo inayo ndi Toyota Sienta ya automatic imene yangofika kumene kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Ine ndinaphunzirira pa manual ndipo laisensi ndili nayo, koma kunena zoona galimoto imandizimira ndikaima pachitunda. Bambo a kunyumba akukakamira manual, ati chifukwa batire ikafa timangokankha, pamene anzanga a kuntchito akuti masiku ano palibe amene amadzivutitsa ndi klatchi. Ndikupempha amene mwayendetsapo mitundu yonse iwiri m'misewu yathu ino kuti mundiunikire, makamaka pa nkhani ya kukonzetsa ndi ya mafuta.

Makaniko wa ku Boma:

Mayi, ndiyambe ndakuuzani kuti dzina lakuti automatic likubisa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amene amafika pagalaja pathu atagwira njakata sanauzidwe zimenezi pogula. Pali automatic yakale ya magiya anayi, monga imene ili mu Corolla NZE121 ndi mu Probox zakale zija, Toyota asanasinthe mu 2014. Imeneyo imapirira kwambiri, ndipo ngakhale mwini wake akhale wosasamala imatenga zaka isanadandaule, koma imamwa petulo mopitirirako pang'ono poyerekeza ndi manual. Mtundu wachiwiri ndi CVT, umene ulibe magiya owerengeka ayi. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mawilo awiri ooneka ngati mbale zoyang'anizana, amene amafutukuka ndi kupanikizana malingana ndi liwiro, n'chifukwa chake simumva kusintha kwa giya poyenda. CVT imasunga petulo bwino, nthawi zina kufanana ndi manual kapena kuiposa, koma siikhululuka ikathiridwa oilo wolakwika.

Sienta imene mwaionayo, ngati ili ya maonekedwe akale amene anayamba mu 2003 ndipo imakoka ndi matayala akutsogolo okha, ndiye kuti ndi CVT. Ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ndiyo inkabwera ndi automatic ya magiya anayi. Wogulitsa ayenera kukuuzani zimenezi momveka. Pa injini musavutike mtima, chifukwa Axio ya manual ndi Sienta yoteroyo zonse zili ndi 1NZ-FE ya malita 1.5, imene makaniko aliyense kuno anaitsegulapo ndipo masipeyala ake sasowa. Kusiyana konse kuli pa giyabokosi.

Chaka chatha anatibweretsera Nissan Note imene inkanjenjemera ponyamuka, ndipo ikatentha inkangolira osapita patsogolo. Titatsegula pansi, oilo anatuluka wakuda, wonunkha ngati mpunga wopserera, ndipo pamaginito a m'chiwaya munali tizitsulo tosalala ngati phulusa. Mwini wake anatiuza kuti anakathiritsa oilo pagalaja ina, ndipo kumeneko anamuthirira ATF wamba, uja wofiira wa automatic yakale, pamene galimoto imeneyo imafuna wa CVT wotchedwa NS-2. Lamba anali atayamba kale kuterereka n'kukanda mawilo aja. Kuno kwathu CVT ikafika pamenepo sitiimanganso. Timaitanitsa giyabokosi yathunthu yakale kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo chichokere pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zoterezi umapweteka. Ma CVT a Toyota amafuna oilo wotchedwa TC kapena FE malingana ndi chaka chimene galimotoyo inapangidwa, ndipo ndikukulangizani kuti muzigula nokha chigubu chosatsegula kwa wogulitsa wodalirika, n'kuima pomwepo pamene akuthira. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kumafooketsa oilo msanga, choncho musamvere amene angakuuzeni kuti oilo wa m'giyabokosi sasinthidwa mpaka kalekale.

Za manual sindichulukitsa mawu. Klatchi imatha ndithu, makamaka kwa munthu amene amasiya phazi lili pompo poyenda kapena amaimitsa galimoto pachitunda ndi klatchi m'malo mwa handibuleki, koma kuisintha ndi ntchito ya tsiku limodzi imene tikhoza kuigwirira pansi pa mtengo wa mango. Timatsitsa giyabokosi, n'kusintha clutch plate, pressure plate ndi release bearing nthawi imodzi, basi mwapita. Ndalama yake siifika n'komwe pafupi ndi ya giyabokosi ya CVT. Komabe inu mwanena nokha kuti klatchi simunaizolowere, ndipo mawu amenewo sindingawapeputse, chifukwa galimoto yozima pakhona la ku Namwera, kumbuyo kukubwera lole, ndi nkhani ina.

Dalaivala wa Chiponde:

Achemwali, ine ndimanyamula anthu pa Sienta pakati pa Boma ndi Chiponde, ndipo phiri mukulinenalo ndimalikwera ndi kulitsika kangapo pa tsiku, kotero ndilankhula za lokhalo. Anthu amaopa kukwera, koma choopsa kwenikweni ndi kutsika. Munthu wa manual amadziwa yekha kuti potsika aike giya yachiwiri kapena yachitatu kuti injini imugwirire galimoto. Wa automatic ndiye amaisiya pa D n'kumangoponda mabuleki kuchokera pamwamba mpaka pansi, osadziwa kuti akuwaotcha.

Ndinaphunzira zimenezi mwezi wanga woyamba. Ndinkatsika nditanyamula anthu ndi matumba a nandolo, phazi lili pamabuleki njira yonse, ndipo ndisanafike pansi ndinamva fungo lopserera likulowera pazenera. Nditaponda pakhona lotsatira, buleki inapita pansi mofewa ngati ndaponda nsima yozizira, galimoto osachepetsa liwiro mmene ndinkafunira. Mwamwayi panali malo oti ndipatukire, ndinapopa kangapo n'kukoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka tinaima. Matayala akutsogolo ankatuluka utsi, ndipo agogo ena amene anakhala kutsogolo anatsika mwakachetechete n'kunena kuti kotsalako ayenda wapansi. Tinadikira pamenepo nthawi ndithu kuti zitsulo zizizire. Dalaivala wina wamkulu amene anaima kudzationa anangoloza chilembo cha B pafupi ndi ndodo ya magiya, n'kundifunsa ngati ndinkaganiza kuti anachiikapo chokongoletsa.

Ndiye mukagula Sienta, musanayambe kutsika muzichotsa pa D n'kuika pa S, ndipo pamene patsetsereka kwambiri muziika pa B. Ikakhala automatic ya magiya anayi, zilembo zake ndi 2 ndi L. Injini idzalira mokweza, koma musachite mantha, imeneyo ndiyo ntchito yake. Mabuleki muziwaponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kuwasiya kuti apume. Ndipo ndikupempheni, musatengere anzathu ena amene amaika pa N potsika ati kusunga petulo, chifukwa pamenepo galimoto imakhala ngati wilibala, injini siikuthandizanso chilichonse.

Pokwera, automatic ndiyo mpumulo weniweni. Mukapezeka kumbuyo kwa lole imene ikukwawa, n'kuima mwadzidzidzi pakati pa chitunda, mumangoponda buleki, kenaka n'kubwezera phazi pa moto, osaopa kuzima. Kwa munthu amene wanyamula wodwala kapena ana, mtendere umenewo ndi waukulu. Chimene sindichita n'kuigwira galimoto pachitunda ndi moto wokha, chifukwa zimenezo zimatenthetsa giyabokosi.

Bambo wa ku Monkey Bay:

Mayi, ine ndili mbali ya amuna anu, ngakhale kuti chifukwa chawo chokankhira si chokhacho. Ndakhala ndi manual moyo wanga wonse, ndipo kuno kunyanja mchenga ndi umene umaweruza. Galimoto ikatitimira m'mudzi wa asodzi, wa manual amasinthasintha pakati pa giya yoyamba ndi ya m'mbuyo, kuigwedeza pang'onopang'ono mpaka itatuluka, ndipo choipitsitsa chimene chingachitike n'kununkhitsa klatchi. Wa CVT akapondereza moto matayala n'kumazungulira pamalo amodzi, amakhala akuphika giyabokosi yake. Mukadzafuna kupita ku Makanjira nyengo ya mvula mudzandikumbukira.

Pali zinanso ziwiri zimene ogulitsa satchula. Automatic ikafa panjira simungaimange chingwe n'kuikoka mtunda wautali matayala okoka ali pansi, chifukwa pampu yoyendetsa oilo m'giyabokosi imadalira injini, ndipo injini ikazima zitsulo zimakhulana zouma. Muyenera kufuna lole yoinyamula kapena chokokera chotukula kutsogolo, ndipo zimenezo pakati pa Nkope ndi Boma usiku sizipezeka mwachisawawa. Chachiwiri ndi mizere ya petulo imene takhala tikugonapo zaka zapitazi. Pamzere timazimitsa injini n'kumakankha pang'onopang'ono. Ndinaona mnyamata wina akutuluka thukuta ndi Vitz imene inakana kuchoka pa P chifukwa batire inali itatha ndi wailesi usiku wonse, mpaka wina anamuonetsa kabatani ka shift lock komasulira ndodo ya magiya, kamene kali pafupi ndi ndodoyo.

Koma kuti ndisakunamizeni, Axio ya manual si yochuluka, popeza magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera a automatic, ndipo tsiku lodzaigulitsa ogula ake adzakhala ochepa. Mufunsenso bwino kuti ku Zombako inkagwira ntchito yanji, chifukwa ikakhala kuti inali takisi, mabushi ndi mashoko ake aona zambiri.

Mayi wa ku Mpondasi:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndaimbira wogulitsa Sienta uja ndipo wavomera kuti si ya 4WD, kutanthauza kuti ndi CVT monga mwanenera a makaniko. Ku Makanjira sindipitako, ndipo kunyumba ndi kuntchito komwe galimoto iziima pouma, kotero mtima wanga ukupendekera ku Sienta, makamaka poganizira kuti apongozi amavutika kulowa m'galimoto yotsika ndipo chitseko chotsetsereka chija chiwathandiza. Bambo a kunyumba aiwerenga nkhani ya ku Namwera ija kawiri ndipo sanayankhe kanthu. A makaniko, ndikamapita kukaiona Lachinayi, ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe ngati giyabokosi yake ili bwino?

Makaniko wa ku Boma:

Mupemphe kuti mukaipeze isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo mukafika mugwire pa boneti kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa giyabokosi yodwala imabisala ikafunda pang'ono. Mukailiza, muone kuti nyale zonse za pa dashibodi zayaka kenaka n'kuzima. Nyale ya injini ikapanda kuyaka n'komwe, mukayikire kuti wina anaichotsa. Mutaponda buleki, ikani pa D, dikirani, kenaka ikani pa R. Iyenera kugwira mofatsa m'kanthawi kochepa, osati kuchedwa kenaka n'kugunda. Ponyamuka musaponde moto kwambiri, ingoilolani iyende ngati mukulowa pamsika, chifukwa kunjenjemera kwa CVT kumamveka bwino pa liwiro laling'ono lomwelo.

Kenaka muiyendetse kwa mphindi zosachepera 20 kuti itenthe, wailesi ili yozima, ndipo mupeze chitunda chilichonse. Ngati injini ikukwera mawu koma liwiro silikutsatira, kapena mukumva kulira kosalekeza ngati kwa chigayo chakutali kumene kukukula ndi liwiro, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Mukabwerako muimitse pamalo oyera n'kusuzumira pansi ngati pakudontha kanthu. Ma CVT ambiri a Toyota alibe kandodo koyezera oilo, choncho simungathe kuona mtundu wake nokha, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi makaniko amene ali ndi kakompyuta koyezera galimoto, osati amene wakusankhirani wogulitsayo. Mukaigula, musinthe oilo wa m'giyabokosi ndi wa mabuleki musanapite ulendo woyamba wa ku Namwera, ndipo mugulenso zingwe zolumikizira batire kuti zizikhala m'buti, popeza imeneyi ngakhale akankhe anthu khumi siilira.