Kodi mphoto za mgwirizano wa maiko pa sayikoloji zimalemekeza ntchito yotani?

Wophunzira wa ku Chirunga:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine wophunzira wa sayikoloji, maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba. Ndawerenga kuti bungwe la akatswiri a sayikoloji la ku America, lotchedwa American Psychological Association, limapereka mphoto kwa akatswiri amene athera moyo wawo akulumikiza anzawo a m'maiko osiyanasiyana, ndipo mmodzi mwa amene anailandira ndi a Saths Cooper a ku South Africa. Munthu akatulukira chinthu chatsopano, ntchito yake imaoneka poyera, koma sindikumvetsa chimene wolumikiza anthu amasiya m'mbuyo. Kodi si kungomuthokoza chifukwa chokwera ndege kupita kumisonkhano kwa zaka zambiri? Ndikupempha akuluakulu amene mukuzidziwa bwino kuti mundiunikire.

Mphunzitsi wopuma wa ku Matawale:

Mwafunsa bwino, ndipo yankho lili m'mbiri ya munthu amene mwamutchulayo. Msonkhano waukulu wa akatswiri a sayikoloji a dziko lonse unachitika koyamba ku Paris mu 1889, koma unafika mu Africa mu 2012, pamene unachitikira ku Cape Town, patapita zaka 123. Amene anatsogolera ntchito youbweretsa ndi a Cooper, amene anali mnzake wa Steve Biko pa nkhondo yolimbana ndi tsankho ndipo anakhala m'ndende ya pachilumba cha Robben zaka zoposa 5. Mu 2012 momwemo anasankhidwa kukhala pulezidenti wa International Union of Psychological Science, mgwirizano wa mabungwe a sayikoloji a dziko lonse, ndipo mu 2014 ku Durban kunakhazikitsidwa Pan-African Psychology Union, bungwe la akatswiri a mu Africa muno.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka mukayang'ana anthu amene maphunzirowa anamangidwa pa iwo. Mu 2010 akatswiri atatu, Henrich, Heine ndi Norenzayan, anasonyeza kuti anthu 96 mwa 100 alionse amene ankafufuzidwa m'magazini otchuka a sayikoloji ankachokera kumaiko okhala ndi anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko lapansi. Ndiye kuti zambiri zimene mukuloweza pokonzekera mayeso zinayesedwa pa anthu amene sanaonepo mphala kapena chinamwali.

Mayi wa ku Chinamwali:

Ndikugwirizana ndi a Mphunzitsi, koma misonkhano ndi mabungwe sizindigwira mtima ngati ntchito imene inachitikira pakati pa anthu olankhula chinenero chathu chomwechi. A Robert Serpell, amene anabadwira ku England, anafika ku Zambia mu 1965 ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Zambia. M'zaka za m'ma 1970 anapita kumidzi ya Achewa m'boma la Katete, osati kukayesa ana ndi mayeso a kwawo, koma kukafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti pa ana amene iwo ankawadziwa bwino, angatume uti pa ntchito yakutiyakuti, ndiponso chifukwa chake. Anapeza kuti kwa Mchewa nzeru si kuchenjera kokha, chifukwa mwana wanzeru ayenera kukhalanso wotumikira, womvera ndi wokhulupirika. Agogo athu akanaseka kumva kuti zimenezi zinafunika kafukufuku, komabe m'mabuku a sayikoloji munalibe mawu amenewa mpaka iwo atawalemba, makamaka m'buku lawo la mu 1993 lonena za tanthauzo la sukulu m'moyo wa ana a kumeneko.

Palinso kafukufuku wawo wa mu 1979 amene ndimakonda kuuza aphunzitsi anzanga. Ana a ku Zambia ndi a ku England anapatsidwa zithunzi zofanana kuti azitsanzire. Pogwiritsa ntchito pepala ndi pensulo, a ku England anapambana, koma atapatsidwa waya, a ku Zambia, amene anazolowera kupanga magalimoto a waya monga amachitira ana athu kuno, anawaposa, ndipo pa kuumba magulu awiriwa anafanana. Munthu wochita zoterezi kwa zaka makumi angapo, n'kuphunzitsa ophunzira amene lero ndi akatswiri paokha, sindikuona chifukwa chomumana ulemu.

Womasulira wakale wa ku Jali:

Pepani kuti ndibwera ndi mawu osiyana pang'ono. Ndili wachinyamata ndinagwira ntchito yomasulira pa kafukufuku wina wa alendo m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mafunso awo anali ndi mawu a Chingerezi onena za matenda a maganizo amene akamasuliridwa mwachindunji, amayi a m'mudzi ankangotiyang'ana, ndipo tinali ife amene tinawauza alendowo kuti munthu wa kuno amanena kuti akuganiza kwambiri, kapena kuti mtima ukumupweteka, kapena kuti thupi lonse lafooka. Lipoti litatuluka, maina athu munalibe ngakhale pa tsamba lothokoza.

Nkhani yofanana nayo inafufuzidwapo kuno komwe. A Stuart Carr ndi a Malcolm MacLachlan, amene ankaphunzitsa sayikoloji ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1990, analemba za kusiyana kwa malipiro pakati pa akatswiri obwera ndi eni dziko ogwira ntchito yofanana, ndipo anaona kuti kusiyanako kumafooketsa mbali zonse ziwiri, wolandira zochepa ndi wolandira zambiri yemwe. Choncho sindikutsutsa mphotozo, koma ndikanakonda kuti oweruza azifunsa kuti wopatsidwayo analemba mapepala angati pamodzi ndi eni dziko, ndiponso kuti dzina la mwini dziko linakhala poyamba kangati.

Wophunzira wa ku Chirunga:

Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndikafufuza buku la a Serpell kulaibulale, chifukwa ndikufuna kudziwa ngati makolo a ku Zomba kuno angayankhe mofanana ndi a ku Katete aja. Bambo a ku Jali, ngati mungalole, ndikufuna kudzakuonani tsiku la msika kuti mundifotokozere mawu amene munagwiritsa ntchito pomasulira, popeza kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndikufuna kudzamuchita m'Chichewa.