Chimbale chatsopano cha Celine Dion chija mwachimva? Ine chandibalalitsa

Nambewe_wa_Chilomoni:

Abale ndithandizeni maganizo mwina vuto ndi makutu angawa. Chimbale cha Celine chija akuti Courage chinatuluka pa 15 Novembala 2019, ine ndinachidikira ngati malipiro, mpaka kugula bandulo yapadera kuti ndimvere bwinobwino osadukizadukiza. Pano ndamvera katatu kuchokera nyimbo yoyamba mpaka ya nambala 16 koma palibe ngakhale imodzi yandikhala m'mutu yoti nkumaing'ung'udza pochapa. Ndili ndekha kapena?

Kuti mundimvetse, ine Celine ndinamudziwa ndili fomu 2, achimwene anabwera ndi kaseti ya Falling Into You ija ya 1996, tinailiza mpaka wailesi inayamba kutafuna tepi ife nkumaisolola pang'onopang'ono ndikuikulunganso ndi bolopeni. Mawu ake timakopera kumbuyo kwa kope la bayoloje, theka la chizungucho tikulemba zathuzathu koma kuyimba kokha ndi mtima onse. Pa ukwati wanga tinalowa mu holo ndi Because You Loved Me. Ndiye munthu ukamva kuti mayi uja watulutsa chimbale cha chizungu, chomaliza chinali 2013, umayembekezera zija zoyamba pansipansi ndi kapiyano kenako akwere akwere mpaka tsitsi nkuimirira. Ayi ndithu, kungotsegula nyimbo yoyamba Flying On My Own, ndi gu gu gu ngati tili mu kalabu Lachisanu. Mwana wanga wa fomu 3 anatulukira ku khitchini akugwedeza mutu nkuti amayi ameneyo ndi ndani akuyimba bho, nditamuuza kuti ndi Celine yemwe amanditonza naye uja anaseka mpaka kukhala pansi.

Chinanso, mu nyimbo yomaliza muli liwu lotukwana. Celine?? Ndinabweza kawiri kuti mwina sindinamve bwino. Inu mwachiona bwanji chimbalechi, kapena ndi ine ndakalamba?

Mjomba_Chisale:

Achemwali simuli nokha ayi. Ine ndinafika pakati nkuthimitsa nkuika Let's Talk About Love ya 1997 kuti mtima ukhale m'malo. Vuto lake ine ndikuliona ndi limodzi, nyimbo iliyonse yalembedwa ndi gulu lina, apa Sia, apa David Guetta, apo Sam Smith, apo anyamata ena oti mayina awo sindinawamvepo, ndiye chimbale chikumveka ngati mwasonkhanitsa zotsala za oyimba khumi nkumupatsa mayi mmodzi kuti aziyimbe. Ina ukumva kuti iyi ndi ya Sia iyi, kapindidwe ka mawu konse ndi ka Sia, Celine wangobwereka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Musandinamize kuti kale amalemba yekha, ndikudziwa samalemba, koma kunali anthu omudziwa mawu ake. David Foster amadziwa pomuimikira ndi pomusiya kuti aphulike, Diane Warren ndi amene analemba ya pa ukwati wanuyo, Jim Steinman anamupatsa ija ya mphindi 7 yoti ukaimvera umachita kutopa ngati walima. Amenewo amasoka diresi atamuyeza munthu. Izi za pano ndi za pa kaunjika, ina yathina ina yakhwepa.

Mai_a_Tada:

Pepani ndilemba zambiri pang'ono chifukwa nkhaniyi yandikhudza. Mjomba mwanena bwino za olemba nyimbo koma mwadumpha chinthu chachikulu, mwaiwala kuti mayiyu ndi wamasiye.

Bambo aja René Angélil sanali mwamuna wake chabe. Anayamba kumuyendetsera za zoyimba Celine ali ndi zaka 12, anachita kupinyolitsa nyumba yawo kuti apeze ndalama zojambulira chimbale chake choyamba mu 1981, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse, nyimbo yoti ayimbe, yoti aikane, shoo yoti apite, chimadutsa m'manja mwawo. Anakwatirana 1994. Anamwalira pa 14 Januwale 2016 ndi khansa ya pakhosi, patangotha masiku awiri mchimwene wake wa Celine, Daniel, nayenso nkumwalira. Maliro awiri sabata imodzi, ana atatu m'manja, awiriwo mapasa a zaka 5. Ichi ndi chimbale choyamba cha chizungu chomwe wapanga popanda munthu amene amamusankhira zonse kwa zaka zoposa 30. Ndiye mukati chikumveka chosakhazikika, apa dansi apa kulira apa kutukwana, ine ndikuti eya, ndi mmene zimakhalira. Ine bambo a kunyumba anatisiya zaka zinayi zapitazo, chaka choyamba anthu amafuna ndizioneka wachisoni, ndikaseka pa ukwati akuti wayiwala msanga, ndikalira akuti zakwana limbani mtima. Tsiku lina ndinameta tsitsi nkugula nsapato zofiira popanda chifukwa, apongozi anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi osayankhula. Gu gu gu mukunenayo kwa ine ndi nsapato zofiirazo.

Ndipo nyimbo zolira zilimo, anthu mukungothamanga. Nambala 5 yomwe ili ndi dzina la chimbalecho, ndi nambala 11 For The Lover That I Lost, yomwe Sam Smith analemba nawo, ndi piyano basi ndi mawu ake, palibe phokoso. Imeneyo musamvere mukuchapa achemwali, imafuna mutakhala pansi. Komanso amene akufuna chisoni chenicheni chosasakaniza, anachiyimba kale m'chinenero chake, chimbale cha Chifalansa cha 2016 Encore un soir, nyimbo ya dzina lomwelo anamulembera Jean-Jacques Goldman bambo aja atangomwalira kumene. Ife timaiwala kuti mayiyu ndi wa ku Quebec, chizungu anachita kuphunzira ali mtsikana kale, pamene chamupweteka zenizeni anathawira ku chilankhulo cha makolo.

Ine ndinamuona ndi maso mu Febuluwale 2008 kuno ku Johannesburg, ndi kumene anayambira ulendo wake wa Taking Chances, tikiti anandigulira malemu omwewo, tinakhala kumtunda kwenikweni koti amaoneka ngati chala. Ngakhale nthawi imeneyo anthu amadandaula kuti chimbale chimenecho chachuluka magitala si Celine weniweni. Lero omwewo akuchitchula ngati chabwino chakale.

Tchale_265:

kkkkk madala ndi masteni mwakumana apa. Ine sindili mbali iliyonse, Celine ndimamumvera mu minibasi basi adalaivala akafuna, koma ndabwera ndi manambala. Sabata yoyamba chimbalechi chinalowera pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zomwe zikuyenda malonda ku America, koyamba kuchokera 2002 nthawi ya A New Day Has Come, okonda Celine pa Twitter anavina tsiku lonse. Sabata yachiwiri? Nambala 111. Osati 11 ayi, 111, kuchoka pampando wa mfumu kukafika kuseli kwa bafa sabata imodzi.

Chinachitika ndi choti ukagula tikiti ya shoo yake ya Courage World Tour amakupatsa mwayi otenga ndi CD yomwe, ndiye ma CD amenewo amawerengedwa ngati agulidwa sabata yoyambayo. Zikatha zimenezo pamatsala anthu omvera pa Spotify ndi kwina, ndipo okonda Celine si anthu a Spotify, ndi anthu ngati anti a Chilomoni awa omwe amakulunga tepi ndi bolopeni. Si iye yekha, oyimba ambiri ankachita zomwezi nthawi imeneyo. Koma zikutiuza kuti anthu ankalipira ndalama zambiri kuti akamve nyimbo ya Titanic ija pa siteji, chimbale chatsopanocho ndi basera.

Nambewe_wa_Chilomoni:

Iwe Tchale anti ako ndani kkkk. Bolopeni yomweyo inatilera.

Aphunzitsi_a_Kwaya:

Ndilowepo pa nkhani ya mawu, poti ndi kumene ndimadziwako pang'ono. Ambiri amene mukuti Celine wasintha mukufuna kunena kuti sakukuwa ngati kale, koma munthu anabadwa 1968, chimbalechi chikutuluka anali ndi zaka 51, ndipo anali atangomaliza kumene mu Juni 2019 kuyimba ku Las Vegas komwe mashoo ake onse pamodzi kuyambira 2003 anadutsa 1,100. Kholingo ndi mnofu, si chitsulo. Mu 2018 anachita kuimitsa mashoo kukapangidwa opaleshoni ya khutu chifukwa amavutika kudzimva bwino poyimba. Ku kwaya kwathu amayi amene amatsogolera sopulano ndili mnyamata pano amaima ku aluto, ndipo kunena zoona aluto yawo ndi yokoma kuposa sopulano ija, ili ndi kulemera kwina kwake. Celine nayenso mawu ake apansi anenepa, muli kakusasa pang'ono komwe kale kunalibe, pa nyimbo zofatsa zija ukumva mpweya ukutuluka. Ine zimenezo ndazikonda.

Pamene ndikugwirizana ndi a Mjomba ndi pa ntchito ya mu situdiyo. Pa nyimbo zingapo mawu awapaka makina mpaka asalala ngati pulasitiki, awaunjika kangapo, kenako biti pamwamba. Zimenezo amachitira mwana amene sangathe kugwira noti, osati munthu amene anapambana mpikisano woyimba wa Eurovision mu 1988 akuyimba pamaso pa anthu popanda chobisalira. Zili ngati kuthira shuga mu uchi. Akanachotsa nyimbo zisanu ndi imodzi nkusiya 10 zokha, bwenzi tikukamba zina pano, koma masiku ano zimbale amazitalikitsa dala, china chija cha deluxe chili ndi nyimbo 20, ndani ali ndi nthawi imeneyo.

Za kutukwanazo sindiyankhapo, ana a kwaya amawerenga kuno.

Mjomba_Chisale:

Mai a Tada pepani ndi zomwe munakumana nazo, sindimadziwa. Koma ndisanamepo, chisoni cha woyimba sichisandutsa nyimbo yofooka kukhala yabwino. Ine ndikalipira ndimafuna nyimbo. Nambala 11 ndaibwereza chifukwa cha inu, ndivomere ndi yabwino, koma imodzi pa 16?

DJ_wa_Maukwati:

Ndikuuzeni za kumunda ine. Loweruka lapitali ndinali ndi ukwati, nthawi yodula keke ndinati ndiyese imodzi yatsopanoyi yofatsa, Falling In Love Again, ndione. Holo yonse zii, anthu akungoyang'ana mafoni, ena akufunsana za fanta. Pasanathe mphindi anabwera mayi wina wa komiti atavala chilundu chofanana ndi duku, kundigwira phewa, akuti achimwene tayikani Celine. Ndikuti amayi ameneyu ndi Celine yemweyo, akuti ayi ine ndikunena Celine weniweni. Ndinaika The Power of Love, eeh, azimayi kuimirira manja m'mwamba, abambo ena a jekete yotuwa kutseka maso akuyimba mawu awoawo, ndalama kuyamba kugwa mu beseni pomwe perekaniperekani anali atatha kale.

Ndiye mu fulashi yanga chimbale chatsopanochi chilimo koma chingokhala. Si kuti ndi choipa ayi, anthu sanakwatirirepo, sanasiyidwirepo, sanalirirepo. Nyimbo zakale zija zinalira pa wailesi zaka ndi zaka nthawi yomwe mawayilesi anali owerengeka, ufune usafune umaidziwa. Pano ndani angakuikire Celine watsopano katatu pa tsiku, ana ali pa amapiano ndi ma Naija. Mukandiitana ku ukwati wa mwana wanu a Nambewe mwina iyeyo ndi amene adzapemphe gu gu gu uja.

Nambewe_wa_Chilomoni:

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Mai a Tada ndinachita zomwe munanena, dzulo usiku magetsi atathima ana atagona ndinakhala pakhonde ndi mahedifoni nkuika nambala 11 kenako nambala 5. Sindinama, ya 11 ndinaibwereza kanayi mpaka foni inatsala 6 pelesenti, ndipo ndinapezeka ndikuganiza za achimwene anga aja a kaseti, anatisiya 2009, zomwe sindinakonzekere. Koma m'mawa uno ndikukolopa ndapezeka ndikung'ung'udza yakale yomweyo ya 1996, ndiye a Mjomba musadandaule sindinakuthaweni.

Flying On My Own yokha ndiye ayi, nsapato zofiira kapena ayi, ndamusiyira mwana, waika kale ngati kulira kwa foni yake. Aphunzitsi tandilemberani 10 zomwe mukanasiyazo ndione ngati tikugwirizana, ndipo Mai a Tada chimbale cha Chifalansa chija chili ndi nyimbo zingati, bandulo yanga yatsala pang'ono.