Ndikulephera kulowa mu router ya ku ofesi ndikakhala kunja, thandizeni

Akuluakulu a za netiweki, ndithandizeniko nzeru. Ku ofesi tili ndi router ya MikroTik ya RouterOS 7, ndipo ndikufuna ndizitha kutsegula mafayilo a pa seva ndili kunyumba. Ndinayatsa PPTP server (mtundu wa VPN, njira yolowera mu netiweki ya ku ofesi uli kutali), ndinapanga username ndi password, port 1723 ndinatsegula pa firewall, DDNS (dzina lomwe limaloza ku IP ya router olo itasintha) ndinaikanso. Ndikakhala pa wifi ya ku ofesi komweko zimalumikizika bwinobwino. Koma ndikangozimitsa wifi n'kuyatsa data ya pafoni, laputopu imangozungulira mpaka kulemba kuti seva sikuyankha. Chinanso chondizunguza mutu, adiresi ya WAN (mbali yoyang'ana ku intaneti) pa router ikuyamba ndi 100.72, pomwe webusaiti yoonera IP ikundipatsa nambala ina. Vuto lagona pati?

Yankho: Achimwene, vuto lili pa 100.72 pomwepo. Ma adiresi oyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255 ndi a CGNAT. Kampani yokupatsani intaneti yakuunjikani ndi makasitomala ena ambiri kuseri kwa IP imodzi, ndiye wochokera kunja amathera pa makina a kampaniyo, pa router yanu safikapo n'komwe. Olo mutsegule ma port onse palibe chisinthe. DDNS nayo ikungoloza ku adiresi yomwe si yanu nokha. Apempheni public IP, adiresi yanuyanu yofikika kuchokera pa intaneti.

Yankho lina: Komanso PPTP yo itayeni bwana. Chitetezo chake cha MS-CHAPv2 chinathyoledwa poyera mu 2012, ndipo Apple anaichotsa mu iOS 10 mu 2016. Imafunanso GRE, protocol 47, yomwe ma netiweki ena saidutsitsa. Poti muli pa RouterOS 7, WireGuard, VPN ina yatsopano, ilimo kale, imangofuna port imodzi ya UDP basi.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Nanga akandikaniza public IP?

Yankho: Mutembenuze zinthu, router yanu ndiyo iziimba kunja m'malo modikira kuimbiridwa. Lendani VPS (seva ya pa intaneti) yaing'ono yokhala ndi public IP, muikepo WireGuard, kenako router ndi laputopu zonse zizikakumana kumeneko. Pa router muike persistent keepalive ya masekondi 25 (kauthenga kotumizidwa pafupipafupi kuti njira isatsekeke), apo ayi CGNAT ya kampani ija imatseka njira pakapita kanthawi popanda chodutsa, inu n'kumadabwa kuti zafera chiyani. Musamalenso ma subnet, magulu a ma adiresi a mkati mwa netiweki. Ngati kunyumba ndi ku ofesi konse kuli 192.168.88.0/24, yomwe MikroTik imabwera nayo, VPN iwonetsa kuti yalumikizika koma seva simuipeza, laputopu izingoifunafuna m'nyumba mwanu momwemo. Sinthani mbali imodzi.

Yankho lina: Ndipo Winbox, pulogalamu yoyendetsera router ya MikroTik pa port 8291, musaisiye poyera. Mu 2018 akuba pa intaneti analowa m'ma router ambirimbiri kudzera pomwepo. Muzilowamo pokhapokha VPN ili yoyaka.

Mwini funso: Ndamva. Funso lomaliza, pa allowed address ya WireGuard pa laputopu ndilembe 0.0.0.0/0 (zonse zizidutsira mu VPN) kapena subnet ya ku ofesi yokha? Sindikufuna YouTube ya ana kunyumba izidutsira ku VPS.