Kodi chitsulo cha 316L chosindikizidwa ndi laser chimapirira haidrojeni?

Wamavavu: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Tikukonza zopanga mavavu a paipi yonyamula haidrojeni wopanikizidwa kufika pa 700 bar (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo ena akuti tiwasindikize, kutanthauza kuwaumba mzere ndi mzere, ndi makina a laser kuchokera ku ufa wa chitsulo chosachita dzimbiri cha 316L. Kodi haidrojeni amafooketsa chitsulo chotere kuposa chosulidwa mwa nthawi zonse?

Katswiri_Zitsulo: Vutoli ndi lakale, pakuti wofufuza wina, William Johnson, analifotokoza mu 1875: haidrojeni akalowa m'chitsulo, chimathyoka mwadzidzidzi chisanapindike n'komwe. Mwayi wa 316L ndi wakuti ndi cha mtundu wa austenite (dzina la kasanjidwe ka maatomu a m'chitsulocho), mmene haidrojeni amayenda pang'onopang'ono kwambiri. Komanso laser ikasungunula ufa, chitsulo chimazizira msanga n'kusiya timaselo tating'onoting'ono m'kati mwake, ndipo ofufuza angapo apeza kuti chikasindikizidwa bwino chimapirira mofanana ndi chosulidwa. Koma muyang'anitsitse nickel, chimodzi mwa zitsulo zosakanizidwa mu 316L. Muyezo umalola 10 mpaka 14 peresenti, koma ufa wokhala ndi nickel wochepa umapereka chitsulo chimene chikakokedwa, makamaka pozizira, mbali zina zimasanduka martensite, kasanjidwe kena kolimba koma kosachedwa kuthyoka, ndipo m'menemo haidrojeni amadutsa mosavuta.

Woyesa_Ming'alu: Zimene anena a Katswiri_Zitsulo n'zoona, koma mawu akuti “chikasindikizidwa bwino” abisa zambiri. Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi timipata totsala pamene mizere ya laser sinalumikizane bwino. Mukadula chidutswa n'kuchiika pa maikulosikopu, mumaona kampata kosongoka m'mbali, nthawi zina muli timibulu ta ufa tosasungunuka, ndipo mng'alu umayambira pansonga pomwepo chifukwa haidrojeni amasonkhana pamene chitsulo chakokeka kwambiri. Kuchiwotcha pochipanikiza, njira ya HIP, kumatseka timipata ta m'kati, koma sikutseka tomwe tatulukira kunja, ndiponso kutenthako kumafafaniza timaselo tija. Choncho malo okhudzana ndi mpweya muwasalaze pamakina, ngakhale kuti m'tinjira ta m'kati mwa vavu ntchitoyo ndi yovuta.

Wamavavu: Zikomo kwambiri. Nanga titasankha 17-4PH, mtundu wina wa chitsulo chosachita dzimbiri, popeza ndi yolimba kuposa 316L?

Katswiri_Zitsulo: Musatero. Chitsulo chimenecho ndi cha martensite, ndipo kulimba kwakeko n'kumene kumachigonjetsa kwa haidrojeni, makamaka chikawotchedwa pa muyezo wa H900, umene umachilimbitsa kwambiri. Khalani pa 316L, ndipo musindikize zidutswa zoyesera pamodzi ndi mavavuwo, zina choimirira zina chogona, kenako muzikoke pang'onopang'ono m'mpweya wa haidrojeni motsatira ASTM G142, ndondomeko yoyesera zitsulo m'haidrojeni.