Kodi Ecobank ndi ya dziko liti kwenikweni?

NaPhiri:
Abale ndithandizeni. Dzulo tinatsutsana ndi alamu anga mpaka mawu kukwera. Iwo akuti Ecobank ndi ya ku Nigeria, ine ndikuti ndi ya ku South Africa chifukwa ndinamvapo dzina la Nedbank likutchulidwa pamodzi nayo. Walondola ndani? Tabetcherana.

Kalaliki Wopuma:
Mayi, nonse awiri mwaphonya, koma aliyense wagwira pang'ono. Likulu lake lili ku Lomé, m'dziko la Togo. Inakhazikitsidwa mu 1985 ndi amalonda a kumadzulo kwa Africa mothandizidwa ndi ECOWAS, bungwe la mgwirizano wa mayiko a chigawocho pa zachuma, nthawi imene mabanki aakulu kumeneko anali a azungu kapena a boma. Kuno ku Malawi inabwera mu 2008 pogula Loita Bank.

Alamu anuwo mwina akukumbukira za Oceanic Bank. Iyi inali imodzi mwa mabanki amene banki yaikulu ya Nigeria, pansi pa Lamido Sanusi, inawapulumutsa mu 2009 ngongole zosabwezedwa zitawafika m'khosi. Mkulu wa Oceanic, Cecilia Ibru, anachotsedwa, kenako anamangidwa. Ecobank inagula Oceanic mu 2011 pa nthawi imene mkulu wake anali Arnold Ekpe, ndipo Nigeria inasanduka gawo lalikulu kwambiri la gulu lonse. Ine ndinagwirapo ntchito yowerengera ndalama zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni: ukagula banki yodwala sugula nyumba ndi makasitomala okha, umagulanso mabuku ake a ngongole. Fayilo iliyonse uyenera kuitsegula, kuona ngati chikole chilipodi, ngati wokongolayo akadali moyo. Ntchito imeneyo siitha chaka chimodzi.

Za Nedbank mwamva zoona. Inagula magawo 20 pa 100 alionse mu 2014, chaka chomwecho Qatar National Bank nayo inalowamo. Kukhala ndi masheya ambiri si kukhala mwini yekha.

Mnyamata wa Masheya:
Akuluakulu, mwadumpha pokoma! Ekpe atapuma mu 2012 analowa Thierry Tanoh wa ku Côte d'Ivoire, wochokera ku IFC, nthambi ya World Bank yothandiza makampani omwe si a boma. Chaka chotsatira mkulu woona za ndalama, mayi Laurence do Rego, analembera bungwe loyang'anira msika wa masheya ku Nigeria kudandaula za kayendetsedwe ka zinthu. Kunavuta. Wapampando, Kolapo Lawson, anatula pansi udindo, ndipo mu Marichi 2014 bodi inachotsa Tanoh. Iye anakasuma ku makhoti a ku Lomé ndi Abidjan, n'kuwina, mpaka mbali ziwirizi zinadzagwirizana kunja kwa khoti. Pambuyo pake anakakhala nduna kwawo.

Kalaliki Wopuma:
Eya mwana wanga, ndinasiya dala kuti nanunso mulankhuleko. Kungowonjezera: atachoka Tanoh analowa Albert Essien wa ku Ghana, mu 2015 kunabwera Ade Ayeyemi wa ku Nigeria, amene kale anali ku Citigroup. Kwa ine uyu ndiye anagwira ntchito yosakoma, yotsuka mabuku ndi kuchepetsa nthambi. Mu 2023 analowa Jeremy Awori wa ku Kenya, woyamba wochokera kum'mawa kwa Africa, yemwe ankatsogolera banki ya Absa kwawoko.

NaPhiri:
Zikomo bambo. Ndawawerengera alamu anga zonsezi. Atangomva dzina la Oceanic ayamba kale kuvina, akuti theka la kubetcha ndi lawo. Za Togo akuti sanamve bwino, ndibwerezenso.