Ndithandizeni kumvetsa kusintha kwa kalembedwe ka August Strindberg

Akuluakulu okonda zolembalemba, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya August Strindberg, mlembi wa ku Sweden amene anabadwira mumzinda wa Stockholm mu 1849 n'kumwalira komweko mu 1912. Ndangomaliza kuwerenga sewero lake la Fröken Julie la mu 1888, ndipo mtima wanga udakali m'khitchini muja, momwe Julie, mwana wa bwana wolemekezeka, akugwera m'manja mwa Jean, wantchito wa bambo ake, munthu amene amadzitama koma akangoona jombo za bwana wakeyo zili poteropo amachita nthumanzi.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti nditatsegula sewero lake lina la Ett drömspel la mu 1902, ndinaona ngati analemba ndi munthu wina, popeza mwana wamkazi wa mulungu Indra amatsika kudzaona masautso a anthu, ndipo malo ndi nthawi zimangosakanikirana ngati kutulo. Kodi kusintha kumeneku kunachokera ku vuto la maganizo limene linamugwira ali ku Paris, lomwe analifotokoza m'buku la Inferno mu 1897, kapena mizu yake inalipo kale m'masewero oyambirira?

Ndikufunanso kudziwa mmene inu mumaonera ukali wake kwa akazi, chifukwa mawu otsogolera amene iye analemba kumayambiriro kwa Fröken Julie amanyoza Julie, pamene seweroli linandichititsa kumumvera chisoni kwambiri. Kodi ndipitirize ndi buku lake la nthano yaitali la Röda rummet la mu 1879, kapena ndiyambe ndawerenga Inferno?