Mabuku a Chichewa ndingawapeze kuti muno mu Joni?

Abale anga okonda kuwerenga, ndithandizeni. Ndani mwa inu ali ndi mabuku a Chichewa muno mu Johannesburg oti angandibwereke kapena kundigulitsa?

Ndangomaliza kuwerenganso Nthondo la Samuel Josia Ntara, lija linatuluka mu 1933. Chichewa chake n'chakale ndithu, koma chikoma zedi, ndipo moyo wakumudzi anaulemba ngati munthu woudziwa. Tsopano mtima uli pa Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, makamaka chifukwa cha mwana wanga wamkazi wobadwira kuno. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chizulu, ndiye ndikufuna tiziwerengera limodzi madzulo ndikaweruka.

M'masitolo a mabuku akale m'tauni muno ndangopezamo a Chingerezi ndi Chiafrikaans. Ngati pali wina akubwera pa basi kuchokera ku Blantyre kapena Lilongwe, chonde anditengereko, ngakhale long'ambika chikuto. Ndidzamuchingamira ku Park Station, ndalama zake ndidzabweza zonse.

Komanso mundiuzeko, mwawerenga buku lanji la Chichewa posachedwa loti mwana wa sitandade 6 angalimve bwino?